Bambo analemba dzina la achimwene okha pa inshuwaransi: kodi enafe tilibe gawo?

Funso

Zikomo a loya. Ndimakhala ku Chilomoni. Bambo athu anamwalira miyezi iwiri yapitayo, akugwirabe ntchito pa kampani ina ku Limbe. Tinabadwa anayi, ine ndine wachiwiri komanso wamkazi ndekha, ndipo womaliza ali Fomu 2. Titabwerako koika maliro ku Chiradzulu tinamva kuti bambo anali ndi inshuwaransi ya moyo ya K18 miliyoni imene ankalipira okha, ndipo analembapo dzina la achimwene athu aakulu basi. Achimwenewo akuti ndalamazo ndi zawo, adzatithandiza akafuna. Abambo aang'ono ndi azakhali akuti chuma cha m'bale wawo sichingagawidwe iwo palibe, poti ndiwo anagula bokosi ndi kulipira galimoto. Kwatulukiranso mayi wina wa ku Bangwe ndi mwana wa zaka 9 amene akuti ndi wa bambo. Wilo sanasiye. Kuntchito akuti kulinso ndalama zina. Amayi angoti chete, sakuyankha aliyense. Tiyambire pati?

Yankho

Pepani kwambiri achemwali ndi imfa ya bambo. Ndiyamba ndi mbali yowawa kuti tisanamizane. Ngati ndi zoona kuti pa policy (pangano la inshuwaransi) imene bambo ankalipira okha pali dzina la achimwene anu lokha ngati wolandira, kampani ya inshuwaransi idzapereka ndalamazo kwa iwowo, ndipo potero siidzakhala italakwa. Koma m'kalata yanu ndikuonamo ndalama za mitundu itatu zimene banja lanu laziika pamodzi n'kumazitchula zonse kuti chuma cha masiye. Mtundu uliwonse uli ndi lamulo lake, ndipo amene ali ndi mphamvu pa mtundu wina alibe mphamvu pa unzake. Mikangano yambiri yotere imakula chifukwa chosakaniza zimenezi.

Inshuwaransi ya moyo ndi pangano la pakati pa munthu ndi kampani. Munthuyo amalonjeza kulipira mwezi ndi mwezi, kampani n'kulonjeza kuti akadzamwalira idzapereka ndalama zakutizakuti kwa amene iye wamutchula. Kaya ndi NICO Life, Old Mutual, Vanguard Life, CIC kapena Smile Life, kayendetsedwe kake n'kofanana pa mfundo imeneyi. Ndalamazo sizidutsa m'manja mwa wogawa chuma cha masiye, ndipo msonkhano wa banja, ngakhale atakhalapo amfumu ndi ankhoswe onse, sungalamule kampani kuti isinthe dzina. Zimalowa m'gulu la chuma cha masiye pokhapokha ngati mwini wake sanatchule aliyense, kapena wotchulidwayo anamwalira kale ndipo sanalembepo wina.

Komabe ndikufunseni: ndani mwa inu anaona mapepalawo ndi maso ake? Mwalemba kuti "tinamva". Pa nkhani za ndalama za maliro, zakumva zimasokoneza kwambiri. Pitani ndi amayi ku ofesi ya kampaniyo, mutenge chiphaso cha imfa cha ku NRB ndi ziphaso zanu za unzika, mukafunse zinthu zingapo. Kodi dzina la achimwene lili pa malo a wolandira ndalama, kapena pa malo a m'bale woti adziwitsidwe zikavuta, amene m'mafomu amamulemba kuti next of kin? Awa ndi malo awiri osiyana, ndipo wachiwiriyu salandira kanthu chifukwa chongolembedwa pamenepo. Kodi dzinalo linalembedwa liti? Kodi linasinthidwapo? N'kutheka kuti akanakana kukuonetsani fayilo yonse poti inu simunalembedwepo, koma mkazi wa malemu akalemba kalata yofunsa, kapena loya akawalembera, amayankha. Mufunsenso ngati K18 miliyoni ndi imene idzatulukedi. Munthu akasiya kulipira kwa miyezi ingapo policy imatha mphamvu kapena imachepa mtengo. Ngati bambo anakongolapo ndalama pa policy yomweyo, kapena anaiika chikole ku banki, ngongoleyo imayamba yachotsedwa. Ndaonapo abale atasiya kuyankhulana chifukwa cha ndalama imene pomaliza inapezeka kuti ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ankailimbirana.

Tsiku limene dzinalo linalembedwa ndi lofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati poyamba panali dzina la amayi, n'kusinthidwa masabata omaliza bambo ali gone ku Queens, osathanso kuzindikira bwino anthu, pamenepo pali mlandu. Ngati siginecha ikukayikitsa, palinso mlandu, ndipo umenewo ndi wokhudza apolisi. Khoti likhoza kuthetsa kusintha kumene kunachitika mwachinyengo, mokakamiza, kapena munthu asakuganiza bwino. Umboni wake umachokera m'mafayilo a kuchipatala, kwa amene anachitira umboni pa fomuyo, ndi kwa ejenti amene anaitenga. Musathamangire kunena achimwene anu kuti anaba musanaone deti. Mawu amenewo akatuluka sabwezeka.

Koma tiyerekeze kuti zonse zili bwinobwino, bambo analemba dzinalo kalekale ali ndi mphamvu zawo. Funso limene latsala ndi lakuti analilemba chifukwa chiyani. Maganizo anga ndi akuti abambo ambiri a msinkhu umenewo polemba mwana wamwamuna woyamba sankatanthauza kuti adye yekha. Ankaganiza kuti uyu ndiye wamkulu, ndiye wodziwa za m'maofesi, adzasamala amayi ake ndi azing'ono ake. Ena analemba fomu ana enawo asanabadwe kapena ali makanda, n'kuiwala kuikonzanso. Vuto ndi lakuti fomu siifunsa cholinga, imangofunsa dzina. Komabe makhoti amavomereza kuti munthu akhoza kulandira chuma m'dzina lake koma ali wongosungira ena, ngati pali umboni woti mwini wake anamupatsa ndi pangano limenelo ndipo iye anavomera. Umboni wotere ungakhale kalata, uthenga wa pa WhatsApp, zolemba m'kabuku ka bambo, kapena anthu odalirika amene anamva bambo akuuza achimwenewo kuti ndalama izi udzalipirire mng'ono wako sukulu. Ndisakunamizeni, mlandu wotere ndi wovuta kupambana. Mawu akuti "tonse tikudziwa kuti bambo sakanafuna zimenezi" si umboni. Koma ngati muli ndi kanthu kogwirika, musakataye, ndipo foni ya bambo isafufutidwe kapena kupatsidwa kwa mwana kuti aziseweretsa.

Ngati mwaona kuti pali chifukwa chenicheni chotsutsira, fulumirani. Lemberani kalata kampaniyo yonena kuti pali mkangano pa policy yakutiyakuti ndipo mukupempha kuti asalipire kaye. Mukaipereke pamanja, akudindireni kope lanu. Kalata yokha siiwamanga manja mpaka kalekale. Chimene chimawaletsa ndithu ndi chiletso cha khoti, chimene loya angakupemphereni ku High Court ku Chichiri. Ndalama zikangolowa mu akaunti ya munthu n'kusanduka galimoto kapena puloti ku Machinjiri, kuzibweza ndi ntchito ya zaka.

Tsopano ndalama za kuntchito, zimene m'kalata yanu mwangozitchula podutsa koma mwina n'zimene zidzathandize amayi kwambiri. Kuyambira 2011 lamulo la penshoni linakakamiza olemba anthu ntchito kuika antchito awo pa penshoni: bwana amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Lamulo lomwelo linalamulanso kuti wantchito aliyense akhale pa inshuwaransi ya moyo yolipiridwa ndi bwana, yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Lamuloli linakonzedwanso mu 2023 koma mfundo zimenezi zidakalipo. Ndiye kuti ngati bambo ankalandira K600,000 pamwezi, pali ndalama zosachepera K7.2 miliyoni za inshuwaransi ya kuntchito, kuonjezera pa zonse zimene zinasonkhedwa ku penshoni pa zaka zonsezi pamodzi ndi phindu lake. Makampani ena amaika antchito awo pa inshuwaransi yoposa pamenepo, ya malipiro a zaka ziwiri kapena zitatu. Pamwamba pa izo pali malipiro a mwezi womaliza ndi masiku a tchuthi amene sanatenge.

Ndalama za penshonizi zili ndi fomu yakeyake imene bambo anayenera kulemba, yotchula anthu ndi gawo la aliyense. Dzina la achimwene pa policy ija silikhudza fomu imeneyi ngakhale pang'ono. Ngati fomuyo ilipo ndipo ili bwino, oyang'anira thumba la penshoni amaitsatira. Ngati palibe, iwowo ndi amene amafufuza kuti malemu anasiya mkazi, ana ndi abale ati amene ankawadalira, n'kugawa malinga ndi zimene apeza. Gawo la mwana wosakwana zaka 18 silipatsidwa kwa achimwene kapena kwa abambo aang'ono kuti amusungire; limasungidwa m'dzina la mwanayo, ndipo womulera amapempha za fizi ndi zofunika zina. Choncho pitani kwa a HR, oyang'anira za antchito kukampani ya bambo, mukafunse dzina la kampani yoyendetsa penshoniyo, ndipo mukaonetsetse kuti mayina a ana onse alembedwa, makamaka wa Fomu 2 uja. Mufunsenso sitetimenti. Pali mabwana ena amene amadula ndalama pa malipiro koma osazitumiza ku thumba la penshoni, ndipo zimenezi zimaululika munthu atamwalira. Zikakhala choncho, ngongoleyo ndi ya kampani, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula.

Mtundu wachitatu ndi chuma cha masiye chenicheni: nyumba, puloti, galimoto, ndalama za ku banki, katundu. Poti bambo sanasiye wilo, chimagawidwa motsatira lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Lamulo lakale lija linkapereka gawo kwa olowa chuma a mwambo, n'chifukwa chake akuluakulu ambiri mpaka pano amakhulupirira kuti abale a mwamuna ali ndi mbali yawo. Zimenezo zinatha. Lero oyenera kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi anthu amene ankawadalira. Odalirawo lamulo linawatchula mosapita m'mbali: kholo la malemu limene ankalisamala, kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Ndiye ngati agogo anu ali moyo ku Chiradzulu ndipo bambo ndi amene ankawatumizira ya feteleza ndi ya chakudya, iwowo ayenera kuganiziridwa. Abambo aang'ono ndi azakhali amene ali ndi makomo awo ndiponso podalira pawo alibe gawo chifukwa chongokhala abale.

Za bokosi ndi galimoto ndi nkhani ina, ndipo pamenepa musawanyoze. Ndalama zoyendetsera maliro ndi ngongole imene chuma cha masiye chimayenera kubweza chisanagawidwe. Ngati anagula bokosi ngati ngongole osati ngati chipepeso, abweretse malisiti kapena anene mtengo wake pamaso pa mboni, abwezeredwe. Kubwezeredwa K400,000 ya bokosi n'kosiyana ndi kukhala pa mndandanda wa ogawana nyumba. Muonenso ngati bambo analibe inshuwaransi ya maliro, kuntchito kapena ku banki, chifukwa nthawi zina imakhalapo koma anthu osaidziwa, ndipo ikhoza kutseka dzenje limeneli popanda kukhudza china chilichonse. Akapitirira pamenepo n'kuyamba kunyamula katundu, kutenga makiyi a galimoto kapena mapepala a nyumba, dziwani kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 lomweli, ndipo chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Sindikunena kuti muwaopseze nazo pa msonkhano woyamba. Ambiri amabwerera m'mbuyo akangomva modekha kuchokera kwa munthu amene amamulemekeza kuti lamulo linasintha.

Amayi anu ali ndi ufulu waukulu kuposa mmene kukhala chete kwawo kukuonetsera. Katundu wa m'nyumba amene ankagwiritsa ntchito ndi bambo ndi wawo, sagawidwa. Ngati anathandiza kumanga nyumbayo, kaya ndi ndalama za geni kaya ndi malipiro awo, gawo lawo limayamba lachotsedwa, chifukwa limenelo si chuma cha malemu. Pa zotsalazo amagawana ndi ana, ndipo cholinga choyamba cha lamulo n'chakuti otsalawo asavutike. Pakati pa ana, wamng'ono amayenera kulandira chochuluka kuposa wamkulu, pokhapokha pakhale chifukwa china chokomera anawo. Apa ndi pamene nkhani ya K18 miliyoni ikubwereranso mwanjira ina. Achimwene anu ndi munthu wamkulu, ndipo ngati atenga inshuwaransi yonse, n'kovuta kuti anenenso kuti iwo ndi amene ali pachiopsezo chovutika pogawa nyumba ndi zina. Mfundo imeneyi muitchule kwa wogawa chumacho.

Za mwana wa ku Bangwe ndikudziwa kuti n'zopweteka, makamaka kwa amayi. Koma Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti ana onse ndi ofanana mosayang'ana mmene anabadwira, ndipo lamulo la chuma cha masiye limatsatira zomwezo. Ngati alidi wa bambo, ali ndi gawo pa chuma cha masiye monga mmene inunso mulili nalo, ndipo poti ali ndi zaka 9 gawo lake likhoza kuposa lanu. Oyang'anira penshoni nawonso akhoza kumuganizira. Chimene chikufunika ndi umboni: chiphaso chobadwira chokhala ndi dzina la bambo, malisiti a fizi, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti ankatumiza chithandizo, abale amene ankamudziwa. Pakakhala kukayika kwenikweni, khoti likhoza kulamula kuyeza magazi. Mayi ake ndi nkhani yosiyana. Kubereka mwana ndi munthu sikumupanga kukhala mkazi wake. Ayenera kuonetsa kuti panali ukwati, kaya wa chinkhoswe, wa kutchalitchi, wa kwa DC, kapena kuti khoti livomereze kuti ankakhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu monga limanenera lamulo la maukwati la 2015. Langizo langa n'lakuti musamubise mwanayu polemba mndandanda wa ana. Akadzatulukira chuma chitagawidwa kale, zonse zimayambiranso, ndipo amene anasaina kuti ana ndi anayi okha amakhala ndi mafunso oti ayankhe. Pa policy ya K18 miliyoni, mwanayu ali ngati inu nomwe: dzina lake palibe.

Kuti chuma cha masiye chigawidwe mwalamulo pamafunika munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti, kudzera m'kalata yotchedwa letters of administration. Amayi akhoza kupempha, okha kapena pamodzi ndi mmodzi wa ana. Ngati simukukhulupirirana, ofesi ya Administrator General, imene ili mu Blantyre momwemo, ikhoza kuyendetsa chumacho, ndipo chuma chochepa chimathera kwa DC kapena ku khoti la majisitireti. Njira ya boma imachedwa, koma pamene abale akuyang'anizana ndi diso lofiira, kuchedwako nthawi zina n'kwabwino kuposa kupatsa mmodzi wa okanganawo makiyi onse. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Dandaulo lokhudza kampani ya inshuwaransi kapena ya penshoni, monga kuchedwetsa malipiro popanda chifukwa kapena kukana kuyankha makalata, limayamba kukampani komweko, ndipo likakanika limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Koma Registrar sagawa chuma pakati pa abale, ntchito yake ndi kuona ngati kampani yatsata malamulo.

Tibwerere kwa achimwene anu, poti pamapeto pake nkhani ya K18 miliyoni ikhoza kuthera pa mtima wawo osati pa khoti. Munthu amene akudziwa kuti lamulo lili mbali yake sumugonjetsa pomukuwiza pagulu. Mukamuunjikira abale onse n'kumamuloza zala, amangouma mtima. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndasonkhanitsa mapepala onse atatu, kuti aliyense aone chithunzi chonse: policy ikupereka zingati, kuntchito kukuchokera zingati ndipo zikupita kwa yani, nyumba ndi katundu n'za mtengo wanji. Kenako mukhale pansi anthu ochepa, amayi, ana akuluakulu, ndi munthu mmodzi amene achimwenewo amamumvera, kaya ndi atsibweni anu, abusa kapena mnzawo wa bambo. Musawapemphe kuti "agawe", chifukwa mawu amenewo adzawamva ngati mukuwalanda. Apempheni zinthu zodziwika mtengo: fizi ya womaliza mpaka amalize Fomu 4 ndi koleji, kukonza denga la nyumba ya amayi, ndalama yakutiyakuti yoikidwa ku banki m'dzina la amayi. Lonjezo lakuti "ndidzakuthandizani ndikafuna" lisanduke manambala ndi masiku, lilembedwe, asaine pamaso pa mboni, ndipo ngati n'kotheka loya alikonze kuti likhale pangano logwira ntchito. Ndalama ya fizi ichoke mu akaunti yawo sabata yomwe yalowa, isadikire kuti teremu ikatsegulidwa azikapemphedwa. Achimwene anu ali ndi banja lawo ndi mavuto awo, ndipo ndalama yokhala mu akaunti ya munthu imapeza ntchito yake msanga ngakhale mwini wake ali ndi mtima wabwino.

Chinthu chimodzi choti muchite lero lomwe: auzeni amayi kuti asasaine pepala lililonse limene wina wawabweretsera kunyumba, kaya akuti ndi la kuntchito, la ku banki kapena longofulumizitsa zinthu, mpaka inu kapena loya mutaliwerenga. Makalata opatsa munthu wina mphamvu yolandira ndalama m'malo mwawo, kapena ovomereza kuti wakutiwakuti ndiye ayendetse chuma, amasainidwa nthawi ngati ino, munthu mutu usakugwira. Mapepala enieni a nyumba, buku la galimoto, makadi a ku banki ndi chiphaso cha imfa zikhale malo amodzi otsekedwa, ndipo kumaofesi muzipereka makope otsimikizidwa okha.